Gregor Mendel—Mmonke Amene Anaŵerenga Nsawawa

M'MAFAMU aakulu a ku Beatrice, makilomita pafupifupi 55 kummwera kwa Harare mu Zimbabwe, munagwira ntchito mibadwo ingapo ya anthu amene makolo awo anachokera ku Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique. Ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu, komabe chaka ndi chaka anali kuona chinthu chimene chinazunguza mitu anthu ophunzira kwa zaka mazana ambiri. Chimanga cha haibulidi, chonga SR52 chimene chinatulutsidwa m'dzikolo mu 1960, chinali kukula chofanana msinkhu munda wonse. Koma munthu atatapa mbewu pa zokolola zimenezo ndi kukazibzala m'kamunda kake kuseri kwa komboni, mapesi anali kutuluka osiyanasiyana, ena aatali, ena aafupi, ndipo zokolola zinali kuchepa. Kodi nchifukwa ninji?

M'nyumba za m'makomboni amenewo, mofanana ndi m'midzi ya kwawo, funso limodzimodzilo linali kubuka m'njira yopweteka kwambiri. Makolo aŵiri akhungu lakuda anali kubala mwana wachialubino. Mkazi wina anali kubala ana aakazi okhaokha. Kaŵirikaŵiri achibale anali kuloza chala mkaziyo, ndipo maukwati ena anatha kaamba ka zimenezo. Munthu amene anayamba kutulukira yankho lake sanapondepo mu Afirika, sanakwatire, ndipo sanabale mwana. Iye anali mmonke wa ku Ulaya wotchedwa Gregor Mendel.

Mwana wa Mlimi Wosauka

Iye anabadwa mu July 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, umene panthaŵiyo unali mu ufumu wa Austria ndipo tsopano uli mu Czech Republic. Makolo ake, Anton ndi Rosine, anamutcha Johann. Atate wake anali ndi munda wawo, koma malinga ndi lamulo la nthaŵiyo anafunikira kulimira mwini dziko masiku atatu pamlungu popanda malipiro. Aliyense amene agogo ake anagwirapo thangata angamvetse umoyo wa banja limenelo. Panthaŵi yotsalayo Anton anali kusamalira mitengo yake ya zipatso, ndipo mnyamatayo anaphunzira kwa iye kulumikiza nthambi ya mtengo wina ku tsinde la unzake.

Aphunzitsi a pamudzipo anaona kuti mwanayo anali wanzeru, chotero mu 1834 anatumizidwa kusukulu ya sekondale ku Troppau. Ndalama zinali zosakwanira, ndipo nthaŵi zambiri anali kuphunzira ndi njala. Mu 1838 zinthu zinaipiraipira pamene atate wake anapsinjidwa ndi mtengo navulala kwambiri. Johann, mwana wamwamuna yekhayo m'banjamo, anayenera kudzipezera ndalama mwa kuphunzitsa ana anzake. Nkhaŵa inamdwalitsa kangapo, kotero kuti anali kubwerera kumudzi kukagona kwa miyezi.

Amene anampulumutsa anali mlongo wake wamng'ono, Theresia. Mtsikanayo anapereka mbali ya chuma chimene makolo anamsungira kaamba ka ukwati wake kuti mlongo wake amalize maphunziro ku Olmütz. Mendel sanaiŵale zimenezo. Pambuyo pake iye analipirira sukulu ana aamuna atatu a Theresia, ndipo aŵiri a iwo anakhala madokotala.

Mu 1843, atatopa ndi kulimbana ndi umphaŵi, analoŵa m'nyumba ya amonke a gulu la Augustine mumzinda wa Brünn, umene tsopano ukutchedwa Brno, ndipo kumeneko anapatsidwa dzina lakuti Gregor. Iye mwini sanabise kuti mkhalidwe wa zachuma ndiwo unasonkhezera chosankha chake. Komabe, anafika pamalo oyenera. Mzindawo unali wotchuka ndi nsalu za ubweya, ndipo oŵeta nkhosa a m'chigawocho anali kukambitsirana kwambiri za mmene angawongolere ziŵeto zawo. Mkulu wa amonkewo, Cyrill Napp, anali mmodzi wa ofuna kudziŵa chimene kwenikweni kholo limapatsira mwana, ndi mmene limachipatsira.

Mphunzitsi Wopanda Setifiketi

Mendel anaikidwa kukhala wansembe mu 1847, koma ntchito ya kuchezera odwala ndi oyandikira imfa inamsautsa mtima kwambiri kwakuti nayenso anadwala. Napp anazindikira kuti mnyamatayo sanali woyenerera ntchito imeneyo, ndipo mu 1849 anamtumiza kukaphunzitsa kusukulu ya ku Znaim. Ana a sukulu anamkonda. Koma pamene anakalemba mayeso a boma a uphunzitsi mu 1850, analephera, ndipo mbali imodzi imene sanachite bwino inali ya zinthu zamoyo!

M'malo mwa kumtaya, Napp anamtumiza ku Yunivesite ya Vienna, kumene anaphunzira kuyambira 1851 kufikira 1853. Kumeneko Christian Doppler anamphunzitsa sayansi ya physics, ndipo Franz Unger anamphunzitsa za zomera ndi maselo ake. Kwa aphunzitsi a physics anatengako chizoloŵezi chimene akatswiri a zomera a m'tsiku lake analibe: kupenda chinthu chimodzi panthaŵi imodzi, kubwereza kupendako nthaŵi zambiri, ndi kulemba zotulukapo m'manambala. Mu 1856 anayesanso mayeso aja, koma anadwala nalephera kuwamaliza. Chotero kufikira 1868 anaphunzitsa mu Brünn monga mphunzitsi wogwirizira chabe.

Chaka chimene analephera kachiŵiri ndicho chaka chimene anayamba ntchito imene akukumbukiridwa nayo.

Zaka Zisanu ndi Zitatu M'dimba

Panthaŵiyo anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe, analingalira kuti mikhalidwe ya makolo imasanganikirana mwa mwana monga momwe mkaka umasanganikirana ndi tiyi. Kufikira lerolino anthu amanena za magazi a atate kapena a amayi, ndi kuti magazi a uje ngamphamvu. Koma ngati mikhalidwe imasungunukadi motero, kodi zimatheka bwanji kuti mwana afanane ndi agogo ake m'chinthu chimene atate wake ndi amake alibe?

Mendel anasankha nsawawa kuti apeze yankho, ndipo anasankha mwanzeru. Duŵa la nsawawa nlotsekeka, ndipo limadzipatsa lokha mungu wake, kotero kuti mtundu uliwonse umakhala wosasanganizika pokhapokha munthu ataloŵererapo. Iye anasonkhanitsa mitundu 34, naibzala kwa zaka ziŵiri kuti atsimikizire kuti uliwonse unali kubala zofanana nawo, ndiyeno anasankhapo 22. Anasumika maganizo pa mikhalidwe isanu ndi iŵiri yosavuta kusiyanitsa, yonga ngati njere yosalala kapena yokwinyika, njere yachikasu kapena yobiriŵira, ndi chomera chachitali kapena chachifupi.

Ntchito yake inali yofuna kuleza mtima kwakukulu. Anali kutsegula duŵa lisanakhwime, kuchotsamo timitu tokhala ndi mungu, kuikamo mungu wa chomera china, ndi kuyembekezera. Nyengo yokolola itafika, anali kusenda makoko ndi kuŵerenga njere imodziimodzi. Pakati pa 1856 ndi 1863 anabzala zomera pafupifupi 28,000.

Talingalirani zimene anapeza pa msinkhu. Anakwatitsa nsawawa zazitali, zofika pafupifupi mamita aŵiri, ndi zazifupi zosafika theka la mita. Ana ake sanali a msinkhu wapakati. Onse anali aatali, ndipo ufupi unaoneka ngati wazimiririka. Koma pamene analola ana amenewo kudzipatsa okha mungu, ufupiwo unatulukiranso mwa adzukulu, uli wathunthu monga kale. Pa zomera 1,064, zazitali zinali 787 ndipo zazifupi 277. Pa njere 7,324, zosalala zinali 5,474 ndipo zokwinyika 1,850. Pa njere zina 8,023, zachikasu zinali 6,022 ndipo zobiriŵira 2,001. Mkhalidwe uliwonse mwa isanu ndi iŵiriyo unapereka chithunzi chimodzimodzi: pafupifupi zitatu za mkhalidwe woonekera pa chimodzi cha mkhalidwe umene unabisala.

Ena asanabadwe iye anali ataonapo mikhalidwe ikubisala ndi kutulukiranso, koma sanavutike kuŵerenga. Mendel sanalekere pomwepo. Anabzala njere zosalala za mbadwo wa adzukulu kuti aone zimene zinabisa. Pa zomera 565, zokwana 193 zinabala njere zosalala zokhazokha, pamene 372 zinabala zosalala ndi zokwinyika zomwe. Motero panali umboni wakuti zomera ziŵiri zooneka zofanana kunja zingakhale zosiyana mkati.

Malongosoledwe ake, tikawaika m'mawu a lerolino, ngosavuta. Pa mkhalidwe uliwonse chomera chimanyamula tinthu tiŵiri tosaoneka, kena kochokera kwa kholo lachimuna ndi kena kwa kholo lachikazi. Tinthuto sitisungunuka. Kamodzi kangaphimbe kanzake, koma kophimbidwako kamakhalapobe. Pamene chomeracho chipanga mungu kapena dzira, tinthu tiŵirito timalekana, ndipo mwana amalandira kamodzi kokha kwa kholo lililonse. Mkhalidwe wobisala umaonekera kokha mwa mwana amene walandira kanthu kake kumbali zonse ziŵiri.

Pali mfundo ina imene iye anaipenda mosamala, ndipo njofunika kwambiri pankhani ya mabanja. Anali kutembenuza kukwatitsako: ulendo wina mungu unachokera ku chomera chachitali, ulendo wina ku chachifupi. Zotulukapo sizinasinthe. Kholo lachimuna ndi lachikazi anali kupereka gawo lolingana.

Omvetsera Sanaone Kufunika Kwake

Pa February 8 ndi March 8, 1865, Mendel anafotokoza zimene anapeza pamaso pa bungwe la openda zachilengedwe la ku Brünn, ndipo mu 1866 nkhani yakeyo inasindikizidwa m'magazini a bungwelo. Makope ake anatumizidwa kumalaibulale a maiko osiyanasiyana. Koma kwa zaka zoposa 30 inatchulidwa mwa apo ndi apo chabe. Akatswiri a zomera sanazoloŵere kuona masamu m'nkhani ya maluŵa, ndipo wolembayo anali mphunzitsi wogwirizira wa mumzinda wopanda yunivesite.

Iye anatumiza kope kwa Carl Nägeli, profesa wotchuka wa ku Munich. Nägeli anayankha mwaulemu koma mokayikira, ndipo anamlimbikitsa kupitiriza ndi chomera china chakuthengo chotchedwa Hieracium. Uphungu umenewo unali watsoka. Maluŵa ake ngaang'ono kwambiri kwakuti Mendel anapweteka nawo maso, ndipo zotulukapo sizinagwirizane ndi za nsawawa. Palibe aliyense wa aŵiriwo amene anadziŵa chimene chinadzatulukiridwa pambuyo pa imfa yawo, chakuti chomera chimenecho kaŵirikaŵiri chimabala njere popanda mungu kugwira ntchito, ana ake akumakhala makope a mayi wawo.

Mu 1868, Napp atamwalira, Mendel anasankhidwa kukhala mkulu wa amonkewo. Mwana wa mlimi wosauka uja tsopano anali munthu wolemekezeka, koma nthaŵi ya kudimba inamthera. Anapitiriza kuŵeta njuchi ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Zaka zake zomalizira zinadyedwa ndi mkangano ndi boma pa msonkho watsopano woikidwa pa nyumba za amonke, umene iye anaukana mouma khosi kufikira mapeto, ngakhale pamene ena onse anali atagonja. Anamwalira ndi nthenda ya impso pa January 6, 1884, ali ndi zaka 61. Ambiri a mapepala ake anatenthedwa pambuyo pake.

Mu 1900 akatswiri atatu a zomera, Hugo de Vries wa ku Netherlands, Carl Correns wa ku Germany, ndi Erich von Tschermak wa ku Austria, anafalitsa zotulukapo zofanana ndi zake, ndipo dzina la mmonkeyo linatuluka m'fumbi. Nzoona kuti mu 1936 katswiri wa masamu Ronald Fisher anadandaula kuti manambala a Mendel anayandikira mopambanitsa ku zimene iye anayembekezera, ndipo akatswiri akhala akutsutsana za nkhaniyo kuyambira pamenepo. Koma kupendako kwabwerezedwa nthaŵi zosaŵerengeka pa zomera ndi zinyama, ndipo lamulo la zitatu pa chimodzi silinagwe.

Tinthu Tosaoneka Tija Tipezeka

Mendel sanaone ndi maso tinthu timene anafotokoza. Anangotizindikira mwa kuŵerenga. Komabe, iye akali moyo, ena anali atayamba kuona malo ake okhala popanda kudziŵa. Poyang'ana pa maikulosikopu maselo amene anali kugaŵikana, anaona timizere tonga ulusi timene tinali kugwira utoto mosavuta. Mu 1883, chaka chimodzi Mendel asanamwalire, Edouard van Beneden wa ku Belgium anapenda njoka za m'mimba mwa akavalo napeza kuti dzira ndi mbewu yachimuna zimabweretsa chiŵerengero cholingana cha timizereto, chilichonse theka. Mu 1888 timizereto tinapatsidwa dzina lakuti makromosomu, kuchokera ku mawu Achigiriki otanthauza mtundu ndi thupi.

Amene analumikiza mbali ziŵirizo anali Theodor Boveri wa ku Germany ndi Walter Sutton, wophunzira wazaka 25 pa Yunivesite ya Columbia ku New York. Mu 1902, popenda ziwala, Sutton anaona kuti makromosomu amakhala aŵiriaŵiri, ndi kuti aŵiriwo amalekana pamene maselo obala akupangidwa, ndendende monga momwe tinthu ta Mendel tinayenera kuchitira. Mu 1909 tinthuto tinatchedwa majini, liwu la asayansi limene lilibe chochita ndi majini a m'nkhani za mizimu. Majini ali ndandanda pa makromosomu monga mikanda pa ulusi.

Bwanji nanga za munthu? Kwa zaka zoposa 30 mabuku anaphunzitsa kuti munthu ali ndi makromosomu 48. Munali mu 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan, akumagwira ntchito ku Lund mu Sweden, anasonyeza kuti chiŵerengero cholondola ndi 46, kapena kuti mapeya 23. Pa peya iliyonse, kromosomu imodzi njochokera kwa amayi ndipo inayo kwa atate.

Pamene thupi la mkazi lipanga dzira, kapena la mwamuna lipanga mbewu ya ubwamuna, makromosomu a peya iliyonse amayandikana, kusinthana zidutswa, ndiyeno kulekana. Chotero dzira limanyamula 23 ndipo mbewu ya mwamuna 23. Zitakumana, selo loyamba la mwana limakhala ndi 46. Palibe lamulo lonena kuti ndi kromosomu iti ya peya imene idzaloŵa m'dzira, kaya ija imene mkaziyo analandira kwa amake kapena ija ya kwa atate wake. Ngakhale popanda kuŵerengera kusinthana zidutswa kuja, kholo limodzi lingapange mipambo yosiyana yokwana 8,388,608. Nchifukwa chake ana a mimba imodzi amasiyana nkhope, ndipo nchifukwa chake mphuno ya agogo ingatulukire mwa mdzukulu.

Kodi Mlandu Ngwayani?

Peya ya 23 ndiyo imasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Zimenezi zinaonekera poyera mu 1905 mwa ntchito ya Nettie Stevens wa pa Bryn Mawr College ku United States, amene anapenda tizikumbu timene mphutsi zake zimadya ufa. Mwa anthu, mkazi ali ndi makromosomu aŵiri otchedwa X, pamene mwamuna ali ndi X ndi ina yaing'ono yotchedwa Y. Motero dzira lililonse limanyamula X. Mbewu za mwamuna ndizo zili za mitundu iŵiri: pafupifupi theka zimanyamula X, ndipo zinazo Y. Ikafika yoyambayo, mwana amakhala wamkazi; ikafika ya Y, amakhala wamwamuna. Mkazi amene anathamangitsidwa paukwati chifukwa cha kubala ana aakazi okhaokha analangidwa pa chinthu chimene dzira lake silikanatha kusintha. Komatu mwamunayonso alibe mlandu, pakuti sangasankhe mbewu imene idzayamba kufika.

Chialubino chimatsatira njira ya nsawawa zazifupi zija. Jini yochepetsa utoto wa khungu, tsitsi, ndi maso njobisala. Munthu angainyamule moyo wake wonse ali wakuda bii, ndipo ingadutse mibadwo yambiri popanda kuonekera. Mwana amabadwa wachialubino pamene wailandira kwa atate ndi kwa amayi omwe. Makolo aŵiri otero ali ndi kuthekera kumodzi mwa kunayi pa mimba iliyonse. Zimenezi sizitanthauza kuti mwana wachinayi aliyense adzakhala wotero, popeza mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Banja lina lingakhale ndi ana achialubino aŵiri otsatizana, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe. Sichimabwera ndi chigololo, ufiti, kapena chinthu chimene mayi anaona kapena kudya ali ndi pakati. Nthenda ya magazi ya sickle-cell, yofala m'mbali zambiri za Afirika, imayenda mwanjira imodzimodziyo.

Ndithudi, si mikhalidwe yonse imene ili yosavuta motero. Msinkhu wa munthu ndi kuderapo kapena kuyererapo kwa khungu zimadalira pa majini ambirimbiri ogwirira ntchito pamodzi, ndipo msinkhu umadaliranso pa chakudya cha paubwana. Pamikhalidwe yotero ana amaonekadi ngati apakati, ndipo mwina nchifukwa chake lingaliro la kusanganikirana kwa magazi linakhalitsa. Mendel anapambana chifukwa chakuti anasankha mikhalidwe imene inali yakuti ili kapena palibe.

Nanga chimanga cha ku Beatrice chija? SR52 chinali chipatso cha ntchito imene inayambika mu 1932 pamalo a boma ofufuzira za ulimi ku Salisbury, tsopano Harare. Chinali mwana wa mitundu iŵiri yosasanganizika. M'mafamu a ku Mashonaland olima chimanga cha mbewu, antchito anali kuyenda m'mizere yosankhidwa kukhala yachikazi akumathyola ngayaye zisanatulutse mungu, kotero kuti ndevu za chimangacho zilandire mungu wa mizere yachimuna yokha. Imeneyo inali ntchito ija ya Mendel ya kuchotsa timitu ta mungu, koma pamahekitala ambiri. Mbewu yogulidwa kusitolo inali mbadwo wa ana, wofanana wonse. Mbewu yotapa m'nkhokwe inali mbadwo wa adzukulu, mmene zobisala zonse zimatulukira.

Mu 2021, pokonzekera chikumbutso cha zaka 200 za kubadwa kwake, asayansi a ku Brno, atalandira chilolezo cha amonke a gulu lake, anatsegula manda a amonkewo. Anapezamo mabokosi asanu. Kuti atsimikizire mafupa amene anali a Mendel, anayerekezera DNA yake, chinthu chimene majini amapangidwa nacho, ndi ya tsitsi lopezeka m'buku lina limene iye ankaŵerenga. Zitagwirizana, anapenda majini a pa makromosomu ake, 23 ochokera kwa Anton ndi 23 ochokera kwa Rosine, ndiyeno anabwezera mafupawo m'manda.